Mose wa Chagall amene mwagula pa kaunjika: ndi weniweni kapena ayi?

Funso la owerenga: "Ndimagwira ntchito ku England kuno. Mwezi watha ndinalowa mu shopu ina ya zakaunjika ndipo ndinapezamo chithunzi chachikulu cha m'felemu, cha Mose atanyamula magome a malamulo. Ndinagula mapaundi 15 chifukwa chinangondisangalatsa basi. Pali mawu a Chifalansa, dzina loti Chagall, ndi kadzina kena kakang'ono m'munsi koti Mourlot. Mwana wanga wafufuza pa intaneti, akuti zoterezi ena akugulitsa mapaundi 20 pomwe ena akutchula zikwi zingapo. Ndidziwa bwanji ngati changachi ndi chenicheni? Komanso mayi wina wa kutchalitchi kwathu akuti ndichichotse pakhoma chifukwa Mose wake ali ndi nyanga. Ine ndimati ndidzapite nacho kumudzi."

Mayi, ndiyambe ndi nyangazo, poti zikhoza kukutsitsirani chithunzi pakhoma tisanafike n'komwe pa za ndalama. Tsegulani Eksodo 34. Mose akutsika m'phiri la Sinai ndi magome awiri m'manja, khungu la nkhope yake likunyezimira, iye mwini osadziwa. M'Chihebri, mawu onena za kunyezimirako amachokera ku tsinde limodzi ndi mawu otanthauza nyanga. Jerome atamasulira Baibulo m'Chilatini cha m'ma 400, analemba kuti nkhope ya Mose inali ya nyanga, ndipo ojambula a ku Ulaya anatsata zomwezo kwa zaka mazanamazana. Mose wosema wa Michelangelo amene ali m'tchalitchi cha San Pietro in Vincoli ku Rome ali ndi tinyanga tiwiri pamutu mpaka lero. Marc Chagall, katswiri wojambula amene dzina lake lili pa chithunzi chanucho, anali Myuda wokulira m'sunagoge, nkhaniyi ankaidziwa kuchokera ku gwero lake. Zomwe amaika pamutu pa Mose ndi malawi awiri a kuwala, ndipo mukayang'anitsitsa muona kuti alibe nsonga yolimba, amangotha ngati dzuwa lolowera pa kabowo ka denga. Anzanuwo muwauze kuti ndi ulemerero umene unachititsa Mose kuphimba nkhope yake ndi nsalu.

Tsono za "chenicheni". Mawu amenewa ndi amene amadyetsa anthu phula pa malonda a zithunzi, chifukwa wogula ndi wogulitsa amawatchula onse awiri koma aliyense akutanthauza zake. Inu mukamati chenicheni mwina mukuganiza za pepala limene Chagall analigwira ndi dzanja lake n'kulipaka utoto. Chimenecho mulibe, ndipo musadandaule nazo, chifukwa chimene mwagulacho ndi positala, ndipo positala siikhala choncho. Positala ndi chinthu chosindikiza, ndipo inasindikizidwa kuti imatidwe m'makoma ndi m'mawindo a masitolo kuitanira anthu ku chionetsero. Funso loyenera ndi lakuti inasindikizidwa liti, ndi yani, ndiponso mwa njira yanji. Kadzina kakang'ono ka Mourlot kaja ndi komwe kakutitsegulira khomo.

Mourlot inali nyumba yosindikizira mumzinda wa Paris, pa msewu wa rue de Chabrol, yomwe Fernand Mourlot anaitchukitsa. Kuyambira m'ma 1930 inkasindikiza mapositala a zionetsero za m'mamyuziyamu a boma la France, ndipo nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, akatswiri ojambula anayamba kumakhalira komweko. Picasso analowamo mu 1945, Matisse, Braque ndi Miró nawonso ankagwira ntchito m'menemo. Chagall anafika mu 1950 ali bambo wopitirira zaka 60, nakhala pa benchi limodzi ndi amisiri ngati mwana wophunzira ntchito. Kumeneko anakumana ndi Charles Sorlier, mmisiri amene anadzakhala dzanja lake lamanja mpaka imfa ya Chagall mu 1985. Dzina la Sorlier mulisunge, tilipezanso kutsogoloku.

Njira imene ankagwiritsa ntchito imatchedwa lithography, ndipo chosindikizidwacho ndi lithograph. Anaitulukira Alois Senefelder ku Munich kumapeto kwa zaka za m'ma 1790, ndipo chinsinsi chake mayi aliyense wotsuka mbale amachidziwa: mafuta ndi madzi sizigwirizana. Amatenga mwala wosalala wa laimu, kapena chitsulo chopyapyala cha zinc, n'kujambulapo ndi choko chamafuta kapena inki yamafuta. Akathira mankhwala okhazikitsa chojambulacho, amanyowetsa mwalawo. Madzi amakhala paliponse pomwe palibe mafuta. Akagudubuzapo inki, imakana malo onyowa n'kukakamira pa chojambula chokha, kenako pepala limapanikizidwa pamenepo. Mtundu uliwonse umafuna mwala wake. Wofiira mwala wake, wabuluu wake, wachikasu wake, ndipo pepala limodzi limadutsa m'makina kangapo, nthawi zina kopitirira khumi, mmisiri akuyang'anira kuti mitundu igwere pamalo ake. N'chifukwa chake positala ya Mourlot ukaiyimika pafupi ndi yotuluka m'makina a masiku ano, buluu wake amaoneka wakuya ngati ungamiremo chala, pomwe winayo amangoyandama pamwamba.

Chifukwa chimene zithunzi za m'Baibulo zilili zambiri chonchi pa dzina la Chagall chili m'moyo wake. Anabadwa mu 1887 m'banja la Chiyuda la ku Vitebsk, komwe lero ndi ku Belarus, bambo ake akugwira ntchito yonyamula migolo ya nsomba. Cha m'ma 1930 wogulitsa zithunzi wotchuka wa ku Paris, Ambroise Vollard, anamupempha kuti ajambule Baibulo, ndipo mu 1931 Chagall anapita ku Palestine kukaona dzikolo ndi maso ake. Ntchitoyo inali yozokota pa mkuwa, osati ya pamwala. Vollard anamwalira pa ngozi ya galimoto mu 1939 zithunzi 66 zitatha, nkhondo inabuka, Chagall anathawira ku America mu 1941, ndipo zithunzi zonse 105 zinadzatuluka mu 1956 kudzera mwa wosindikiza mabuku wotchedwa Tériade. Tériade yemweyo anatulutsanso magazini yake ya Verve kawiri, mu 1956 ndi mu 1960, yodzaza ndi ma lithograph a mitundu a nkhani za m'Baibulo osindikizidwa kwa Mourlot. Kenako kunabwera mawindo khumi ndi awiri a magalasi amitundumitundu, oimira mafuko a Israyeli, opangira sunagoge wa pa chipatala cha Hadassah ku Jerusalem, omwe anayamba aonetsedwa ku Paris ndi ku New York mu 1961 asanakaikidwe mu 1962. Pamwamba pa zonsezi pali zithunzi zikuluzikulu 17 zotchedwa Message Biblique, 12 za Genesis ndi Eksodo ndi 5 za Nyimbo ya Solomo, zimene anapereka ku boma la France mu 1966. Zinaonetsedwa ku myuziyamu ya Louvre ku Paris mu 1967, ndipo pa 7 July 1973, tsiku lomwe ankakwanitsa zaka 86, anazitsegulira myuziyamu yakeyake mumzinda wa Nice. Chionetsero chilichonse mwa zimenezi chinkafuna positala. Cha mawindo chija chinali ndi ya fuko la Benjamini, cha ku Louvre ya Yakobo akulimbana ndi mngelo, ndipo cha ku Musée Rath ku Geneva mu 1962, chotchedwa Chagall et la Bible, chinali ndi ya Mose ndi magome ake. Mawu a Chifalansa amene ali pa yanuyo muwakopere onse papepala, chilembo ndi chilembo, chifukwa dzina la malo ndi chaka ndi zimene zikuuzeni kuti ndi ya chionetsero chiti.

Mapepala onyamula chithunzi chimodzimodzicho amakhala a magulu osiyana kwambiri, ndipo mtengo umatsata gulu.

Pamwamba pali positala imene Chagall mwini anajambula pa mwala kapena pa pepala losamutsira pa mwala, cholinga chake chili positala yomweyo. Ogulitsa amaitcha original lithograph. Pansi pake pang'ono pali imene Sorlier anaijambula pa mwala potengera chithunzi cha utoto cha Chagall, Chagall n'kuona zoyeserera, kukonzetsa mitundu, n'kuvomereza. M'makatalogu a okushoni imalembedwa kuti after Chagall, ndipo zambiri zimakhala ndi timawu tating'ono m'mphepete toti Ch. Sorlier grav. lith. kapena tofanana nato. Pano ndimasiyana maganizo ndi anzanga ena amene amanyoza gulu limeneli. Sorlier sanali wokopera wamba. Anagwira ntchito ndi Chagall zaka zoposa 30, ndipo mapositala ena okondedwa kwambiri, ngati awiri a Metropolitan Opera, nyumba ya zisudzo zoimba ku New York, anatuluka m'manja mwake. Positala ya Sorlier ya nthawi yomweyo ya chionetsero ndi yeniyeni ndithu, ngakhale choko sichinali m'dzanja la Chagall.

Mwa magulu awiriwa, kawirikawiri ankapatula mapepala ochepa asanaikepo mawu a chionetsero. Amenewa amatchedwa avant la lettre, kutanthauza kuti zilembo zisanabwere. Ankasindikizidwa pa pepala lokhuthala labwino, monga la Arches, ndipo ambiri Chagall ankawasayina ndi pensulo n'kuikapo nambala. Amenewa ndiwo a ndalama zambiri. Yanu ili ndi mawu, choncho si ya gulu ili.

Ndiye pali chigulu cha pansi, chomwe ndi chachikulu kuposa ena onse pamodzi: mapositala ojambulidwa ndi kamera kuchokera ku positala yakale kapena ku chithunzi cha utoto, n'kusindikizidwa ndi makina a offset, omwewa amasindikiza makalendala, kapena ndi printa yopopera inki. Ambiri mwa amenewa si achinyengo ayi. Mashopu a m'mamyuziyamu amawagulitsa poyera ngati chikumbutso. Vuto ndi lakuti kamera imajambula zonse, ndi kadzina ka Mourlot komwe. Kuona dzinalo pa pepala sikutsimikiza kuti pepalalo linadutsa m'makina a Mourlot.

Apa ndi pomwe pamafunika diso, ndipo chida chake ndi chotchipa. Pezani kagalasi kokulitsa kakhumi, kamene amagwiritsa ntchito okonza mawotchi ndi ogulitsa ndolo. Kamera ya foni yabwino ikhozanso kuthandiza mukaiyandikiza kwambiri masana. Sankhani malo amene mtundu ndi wopepuka, monga pankhope ya Mose kapena pomwe buluu akuzilala. Ngati ndi offset muona timadontho tofanana kukula kwake titandandalikana mwadongosolo ngati mauna a neti ya udzudzu, ta mitundu inayi yokha, buluu wowala, wofiirira, wachikasu ndi wakuda, tikupanga timaluwa tozungulira tobwerezabwereza. Wobiriwira amene mumamuona ndi maso muona kuti kulibe, ndi timadontho tabuluu ndi tachikasu toyandikana. Ngati ndi printa yopopera, timadonthoto timakhala tating'onoting'ono tomwazika ngati fumbi, chithunzi chonse chofanana. Koma ngati ndi ya pamwala, mtundu umakhala wathunthu. Wobiriwira ndi inki yobiriwira, kapena ndi buluu wogona pamwamba pa chikasu moti m'mphepete mumaona wina akusuzumira pansi pa mnzake. Pomwe panadutsa choko pamaoneka timibulu tosalongosoka ngati mchenga, ndipo pomwe panadutsa burashi pamakhala ngati madzi amatope amene aumira pa simenti. Inki yake siwala, ndi yofatsa, ndipo mukapendeketsa pepala m'kuwala mumaona malo ena okhuthala pomwe mitundu yasanjikizana.

Ine ndinaphunzira zimenezi ndi manyazi. Ndikungoyamba kumene ntchito, ndinagula pa msika wina wa zakale kachithunzi ka Davide ndi zeze wake, kosayinidwa ndi pensulo, nambala ili pambali, ndipo ndinayenda nako ulendo wonse wobwerera ndikuwerengera phindu m'mutu. Nditafika ndinakaonetsa bambo wina wachikulire amene ankandiphunzitsa ntchito. Siginecha sanaiyang'ane n'komwe. Anangotulutsa kagalasi m'thumba la malaya, kuika pa tsaya la Davide, n'kundipatsa osanena kanthu. Timaluwa ta offset tinali mbwee, ngati nsalu ya chitenje. Ndinali nditayang'ana pensulo ulendo wonse, pepala osaliyang'ana.

Ndichenjezepo pang'ono kuti kagalasi sikamaliza mlandu. Mapositala ena akale a zionetsero zenizeni anasindikizidwa ndi njira ya kamera kuyambira pachiyambi, ena mosakaniza njira ziwiri, choncho timadontho sitikutanthauza kuti pepala ndi la dzulodzuloli. Timangotanthauza kuti si lithograph ya pamwala, ndipo mtengo wake ndi wotsika. Komanso akuba ena aluso amasindikiza ndi lithography yeniyeni kuti apusitse ogwira magalasi. Chotero mboni yachiwiri ndi buku. Sorlier mwiniwake anatulutsa katalogu ya mapositala a Chagall mu 1975, ndipo palinso mabuku asanu ndi limodzi a Chagall Lithographe amene amalemba ma lithograph ake, oposa 1,000, lililonse ndi nambala yake. Mukaona wogulitsa walemba M. ndi nambala, kapena Mourlot ndi nambala, akuloza m'mabuku amenewa. M'menemo mumapezeka chaka, wosindikiza, njira yake ndi muyeso wake. Laibulale yaikulu ya mumzinda wanu kapena ya sukulu ya zojambula ikhoza kukhala nawo. Tengani tepi muyeze pepala lanu mu masentimita. Mapositala ambiri a Mourlot amazungulira pa 75 m'litali ndi 50 mpaka 55 m'lifupi, koma iliyonse ili ndi muyeso wake, ndipo okopera kawirikawiri amachepetsa kapena kukulitsa kuti ikwane m'mafelemu ogulitsidwa m'sitolo. Kusiyana kwa masentimita angapo pa chithunzi chenichenicho ndi yankho lokwanira.

Muwerengenso timawu tonse ta m'mphepete. Mukapezapo adiresi ya pa intaneti, mizere yakuda ija amaiwerenga ndi makina pa kauntala, kapena chizindikiro cha umwini chotsagana ndi chaka cha pambuyo pa 1985, ndiye kuti pepalalo linabadwa Chagall atagona kale ku manda a Saint-Paul-de-Vence.

Za siginecha ndinene mosabisa, chifukwa ndi pomwe pamathera ndalama za anthu. Dzina la Chagall limene lili m'kati mwa chithunzi, la inki yofanana ndi mizere ina, linasindikizidwa pamodzi ndi chithunzicho. Lili pa kope lililonse ndipo siliwonjezera ngakhale tambala. Ogulitsa ena amalemba kuti signed in the plate, kutanthauza kuti dzinalo linalembedwa pa mwala wosindikizira, mawu oona koma otchera msampha munthu wowerenga mothamanga. Siginecha ya pensulo m'munsi ndi nkhani ina, ndipo pa positala ya mawu iyenera kukuchititsani kukayika osati kusangalala. Chagall anasayinadi mapositala ena kwa anzake ndi pa zochitika zina, koma pensulo ndi yotchipa ndipo dzina lake ndi losavuta kutengera. Chinyengo chofala kwambiri chimachitika pa masamba a Verve aja. Magaziniyo inasindikizidwa makope zikwi zingapo, masamba ake ndi ma lithograph enieni a kwa Mourlot, a masentimita pafupifupi 35 kwa 26, koma sanasayinidwe limodzilimodzi. Anthu amang'amba tsamba, kulembapo dzina ndi nambala yopeka, kuika m'felemu ya golide, mtengo n'kukwera kakhumi. Tsamba limene linali labwinobwino lasanduka bodza.

Kukula kwa chinyengochi kunaonekera poyera ku America. Leon Amiel anali wosindikiza wodziwika ndithu, ndi amene anatulutsa mu 1966 ma lithograph 24 enieni a Chagall a nkhani ya Eksodo. Iye atamwalira mu 1988, ofufuza a boma anakalanda mu 1991 zithunzi zabodza zikwi makumi angapo pa bizinesi ya banja lake ku New York, za mayina a Chagall, Dalí, Miró ndi Picasso, ndipo ena a m'banjamo anapezeka olakwa m'khoti. Zambiri zinali zitagulitsidwa kale, ndipo zikuzungulirabe m'manyumba ndi m'misika, zina zili ndi satifiketi yosindikizidwa bwino yonena kuti ndi zenizeni. Satifiketi yotere ndi pepala chabe, aliyense wokhala ndi printa akhoza kuilemba. Imalemera molingana ndi amene waisayina, ndiponso ngati ali wokonzeka kukubwezerani ndalama chinthucho chikapezeka chabodza.

Tifike pa zomwe mwana wanu waona. Mitengo ya pa intaneti yambiri ndi yomwe ogulitsa akupempha, osati yomwe anthu alipira. Munthu akhoza kulemba mapaundi 5,000 pa pepala n'kukhala nalo zaka zisanu. Muuzeni afufuze zotsatira za okushoni, pomwe pamalembedwa mtengo umene nyundo inagwera. Akatero aona kuti zokopera za offset zimathera pa mapaundi makumi ochepa, nthawi zambiri felemu ikuposa pepala. Positala ya mawu yochokeradi kwa Mourlot, ili bwino, kawirikawiri imakhala ya mapaundi mazana angapo, zosowa ndi zokondedwa kwambiri n'kumadutsa chikwi. Za avant la lettre zosayinidwa moona ndi zomwe zimafika zikwi zambiri. Pa ndalama imeneyo a okushoni amadulapo gawo lawo, ndipo wogula amawonjezeranso lake pamwamba, zomwe zimachititsa kuti asakweze dzanja kwambiri. Kunena zoona, mwa mapepala khumi otere amene anthu amandibweretsera kuchokera m'mashopu a zakaunjika, ochuluka amakhala okopera. Koma si onse. Anthu a ku Britain ambiri ankapita kutchuthi kum'mwera kwa France m'ma 1960 ndi 1970, ankagula mapositala amenewa motchipa pakhomo la chionetsero, ndipo akamwalira ana awo amangotutira katundu yense ku shopu. Mwayi ulipo ndithu, ndipo kuufufuza sikukudyerani kanthu.

Chimene chimagwetsa mtengo wa positala yeniyeni ndi mmene yasungidwira. Kuwala ndi mdani woyamba. Mitundu yofiira ndi yachikasu imathawa msanga, buluu n'kutsala yekha, moti Chagall amene wakhala zaka 30 moyang'anana ndi windo amaoneka wozizira ngati wadwala. Mukachotsa felemu mudzaona m'mphepete momwe munabisika kuti mtundu unali wotani poyamba. Wachiwiri ndi guluu. Opanga mafelemu akale ankakonda kumata positala yonse pa bolodi kuti isakwinyike, kapena kuigwiriza ndi selotepi imene imasiya zipsera zabulauni zolowerera mpaka kutsogolo. Ena ankadula m'mphepete kuti ikwane, n'kudula ndi dzina la wosindikiza lomwe. Timadontho tofiirira tokhala ngati dzimbiri timabwera ndi chinyontho. Mizere ya kupinda siichititsa mantha kwambiri, poti mapositala ena ankatumizidwa opinda, koma imatsitsabe mtengo.

Musatsegule felemuyo nokha ndi mpeni pa tebulo la kukhitchini. Pitani nayo kwa wopanga mafelemu amene amadziwa za mapepala akale, aitsegule inu muli pomwepo, mujambule kutsogolo, kumbuyo, m'makona monse ndi timawu ta m'mphepete. Zithunzi zimenezo, pamodzi ndi muyeso ndi chithunzi chimodzi chokulitsa cha inki, mutumize ku nyumba ya okushoni imene ili ndi gawo la zosindikiza. Zambiri ku Britain zimapereka maganizo oyamba kwaulere. Kaya yankho likhale lotani, musayese kuyeretsa pepalalo. Labala, madzi, buledi, jiki, zonsezi ndaziona zikugwiritsidwa ntchito ndipo palibe chinasiya pepala lili bwino kuposa mmene chinalipezera.

Ngati ipezeka kuti ndi ya kwa Mourlot, ine ndikanakhala inu sindikanathamangira kugulitsa. Mazana angapo a mapaundi, a okushoni atadulapo, amatha mwezi usanathe, pomwe chinthu chotere simudzachipezanso pa mapaundi 15. Ndikanaika ndalama pang'ono pa felemu yabwino: katoni yopanda asidi kumbuyo ndi kuzungulira, pepala logwirizidwa ndi timapepala tiwiri m'mwamba mokha kuti lizipuma, galasi lotchinga kuwala kowononga, ndipo galasilo lisakhudze inki. Ngati ipezeka yokopera, mwagula chithunzi chokongola pa mtengo wake woyenera ndipo simunaberedwe.

Za kupita nayo kumudzi, ganizirani bwino khoma limene ikakhalepo. Nyengo ya dzinja makoma ambiri kwathu amatuluka thukuta, makamaka a njerwa zosapaka bwino, ndipo pepala limamwa chinyonthocho kuchokera kumbuyo mpaka kuchita nkhungu. Chiswe chimakwera mwakachetechete kuseri kwa felemu, mphemvu zimakonda guluu, utsi wa mbaula umadetsa pepala pang'onopang'ono, ndipo dzuwa la mwezi wa October likhoza kuchita m'zaka ziwiri zomwe la ku England lingachite m'zaka khumi. Isankhireni khoma la m'kati mwa nyumba, losayang'anana ndi windo, kutali ndi kophikira, ndipo kumbuyo kwa felemu muike timatabwa kapena timphira tiwiri m'munsi kuti mpweya uzidutsa. Kamodzi pa chaka, mvula ikatha, wina aziitsitsa n'kuyang'ana kuseri. Paulendo, galasi lisiyeni, limasweka m'ndege n'kucheka chithunzi. Nyamulani pepala lokha litagona pakati pa makatoni awiri olimba, kapena mulikulunge momasuka mu chubu chachikulu, chithunzi chikuyang'ana kunja, pepala lofewa lili pamwamba pake.

Ndipo pali chinthu chimodzi chimene ndikudziwa kuti wachibale wina wokufunirani zabwino adzakuuzani mukangofika, chifukwa ndi mmene timatetezera masatifiketi a sukulu: kuti mupite nayo pa shopu ya fotokope akaimate pulasitiki. Mukane ndithu. Makina aja amatentha, guluu wake amalowa m'pepala, ndipo palibe katswiri amene angaichotsenso pulasitikiyo osang'amba nkhope ya Mose.